Kulima maluwa odula kumalo ozizira kumene nyengo imasinthasintha

Nachisale:

Ndikupempha nzeru kwa onse amene mumalima maluwa odula, ndiye kuti maluwa amene timalima n'cholinga choti tiwadule ndi mapesi ake n'kuwaika m'madzi m'nyumba kapena kuwamanga m'mitolo yopatsa anthu. Malo amene ndili nawo ndi aang'ono, ndipo ali kudera kumene kumazizira miyezi yambiri pachaka. Chimene chimandivuta kwenikweni si kuzizirako ayi, koma kusakhazikika kwa nyengo, pakuti m'sabata imodzi yomweyo kumatha kuwala dzuwa lofunda bwino, kenako n'kubwera mphepo yamphamvu ndi mvula ya masiku angapo, ndipo usiku umene mitambo yachoka kumagwa chisanu chimene chimawaula mbande zonse zanthete.

Chimene ndikufuna n'chakuti ndizikhala ndi maluwa odula kwa miyezi yambiri ndithu, okwanira panyumba ndi otsalako ogulitsa kwa anthu apafupi, popanda kutenthetsa girinihausi (nyumba yagalasi yolimiramo mbewu) ndi magetsi kapena gasi, popanda kupopera mankhwala amene amapha njuchi, komanso popanda kudzaza munda ndi mapulasitiki otayidwa chaka ndi chaka. Kodi zimenezi n'zotheka kumalo otere? Ngati n'zotheka, ndi mitundu iti ya maluwa imene ndingaidalire, ndipo ndiifese nthawi yanji? Ndikufunanso kudziwa chifukwa chake maluwa a m'munda mwanga amafota msanga ndikawaika m'madzi, pamene ogula m'sitolo, amene ayenda ulendo wautali, amakhala masiku ambiri ali bwinobwino.

Mbewe:

A Nachisale, n'zotheka ndithu, ndipo ndiyambe ndi kukulimbitsani mtima kuti kuzizira kumene mukukudandaulako n'kumene maluwa ambiri okongola amakufuna. Kumalo otentha, sweet pea, larkspur, snapdragon, ranunculus ndi anemone zimathamangira kumasula zili zazifupi, kenako n'kutha msanga, pamene kumalo ozizira zimakula mwapang'onopang'ono, mapesi ake amatalika ndi kulimba, mtundu wa duwa umawala kwambiri, ndipo zimamasula kwa masabata ambiri. Adani enieni a mlimi wa maluwa kumalo ngati anuwo ndi mphepo ndi chinyezi chopitirira muyezo.

Njira yothana ndi nyengo yosadalirika ndiyo kusaika chiyembekezo chonse pa mtundu umodzi wa maluwa kapena pa tsiku limodzi lofesa. Pali maluwa amene amafesedwa n'kumasula m'chaka chimodzi koma amapirira chisanu chochepa, monga cornflower, nigella, ammi, calendula, larkspur ndi sweet pea. Amenewa mukhoza kuwafesa kawiri. Ulendo woyamba muwafese nyengo yofunda ikamatha, kutatsala masabata 6 mpaka 8 kuti chisanu choyamba chigwe, kuti alowe m'nyengo yozizira ali timbewu tating'ono koma tokhazikika mizu. Pamwamba amaoneka ngati aima kukula, koma pansi mizu imakhala ikuyala, ndipo kukangoyamba kufunda amakula mofulumira n'kumasula masabata angapo anzawo ofesedwa mochedwa asanayambe. Ulendo wachiwiri muwafese nyengo yozizira ikamatha. Ngati chisanu cha chaka chimenecho chakhala choopsa n'kupha oyamba aja, achiwiriwa amakupulumutsani, ndipo ngati onse apulumuka, ndiye kuti nthawi yanu yodula maluwa yatalika. Za larkspur mudziwe kuti njere zake zimamera bwino m'dothi lozizira komanso zikakwiriridwa kuti zisaone kuwala, choncho amene amazifesa m'dothi lotentha amangoyesa kuti anagula mbewu yakufa.

Gulu lina, limene anthu ambiri amaliiwala, ndi la maluwa amene amafesedwa chaka chino n'kudzamasula chaka chamawa, monga foxglove, sweet william, wallflower ndi honesty. Amafesedwa pakati pa nyengo yofunda, pamene mlimi watanganidwa ndi kudula maluwa ena, ndiye chifukwa chake amaiwalika. Komatu ndi amene amatseka mpata wovuta uja, pamene tulip ndi daffodil zatha koma maluwa a nyengo yofunda sanayambe. Muziwagwira mosamala, makamaka ngati pakhomo pali ana kapena ziweto, chifukwa foxglove ndi larkspur n'zapoizoni munthu akadya.

Osapirira chisanu ndi cosmos, dahlia ndi zinnia, zimene zonse kwawo kwenikweni ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo. Pa zimenezi musatengeke ndi sabata imodzi ya dzuwa lofunda n'kuziwokera panja. Zifeseni panazale yotetezeka kutatsala masabata 4 mpaka 6 kuti nthawi ya chisanu chomaliza idutse, ndipo musanaziwokere muzizoloweretse panja kwa sabata imodzi kapena awiri, kuzitulutsa masana ndi kuzilowetsa madzulo. Mwa zitatuzi, cosmos ndi dahlia zimachita bwino ngakhale nyengo yofunda itakhala yamitambo, koma zinnia imadana ndi dothi lozizira ndi lonyowa, kotero ine ndingakulangizeni kuti muipatse malo ochepa chabe. Cosmos, snapdragon, dahlia ndi sweet pea muzizitsina nsonga zikadali zazing'ono kuti zichite nthambi zambiri, chifukwa nthambi iliyonse ndi phesi limene mudzadule.

Tsopano za mphepo. Mpanda wotsekeratu, monga khoma la njerwa, umachititsa kuti mphepo ilumphe pamwamba n'kugwera kuseri kwake ikuzungulira mwamphamvu, ndipo maluwa amene ali pamenepo amathyoka. Wabwino ndi mpanda wa zitsamba kapena wa timitengo tolukana umene umalola gawo lina la mphepo kudutsa, pakuti umaifooketsa mphepoyo, ndipo umateteza mtunda wotalika pafupifupi kakhumi kuyerekeza ndi msinkhu wake. Pamwamba pa bedi lililonse muyale ukonde wa maso akuluakulu mopingasa, womangirira pa zikhomo zolimba, mbewu zikadali zazifupi, kuti zizikula zikudutsa m'maso a ukondewo. Phesi limene lagwa usiku umodzi wokha limadzuka litapinda nsonga kuloza kumwamba, ndipo siliwongokanso.

Za madzi, kwezani mabedi anu ndi kuthiramo kompositi wambiri kuti madzi asadikhe, chifukwa mbande zambiri zimene timati zafa ndi chisanu zimakhala kuti zaola mizu. Musabzale maluwa anthete m'malo otsika a munda wanu, popeza mpweya wozizira ndi wolemera ndipo usiku umatsetserekera kumeneko. Madzulo amene mphepo yaleka ndipo kumwamba kwayera, fundikani mabedi ndi nsalu yopepuka ya kumunda, n'kuivundukula m'mawa dzuwa likatuluka.

Nankhoma:

Ndikugwirizana ndi zambiri zimene a Mbewe afotokoza, koma ndikufuna kukambapo pa mbali ya kusamala chilengedwe, chifukwa pamenepa m'pamene anthu ambiri a mtima wabwino amasokera. Kulima duwa pafupi ndi amene adzaligule pakokha sikutanthauza kuti chilengedwe chasamalidwa.

Maluwa ambiri a rozi amene amagulitsidwa m'maiko ozizira amalimidwa ku Kenya, makamaka m'mbali mwa nyanja ya Naivasha, ndiponso ku Ethiopia, Colombia ndi Ecuador, ndipo ochuluka mwa opita ku Ulaya amadzera mumsika waukulu wa ku Aalsmeer m'dziko la Netherlands. Malo amenewa anasankhidwa chifukwa ali pafupi ndi pakati pa dziko lapansi, kumene dzuwa limawala mofanana chaka chonse, koma ali pamalo okwera kumene usiku kumazizira. Naivasha ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,900 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo dera la Bogotá ku Colombia lili pa mamita pafupifupi 2,600. Izi zikutsimikiza mawu a a Mbewe akuti maluwa amakonda kuzizira. Maluwawa amanyamulidwa pa ndege, zimene zimatulutsa mpweya wambiri wotenthetsa dziko. Komabe akatswiri amene anayerekeza njira ziwirizi anapeza kuti rozi wolimidwa kumpoto kwa Ulaya m'nyumba zagalasi zotenthetsedwa ndi gasi ndi kuunikiridwa ndi magetsi akhoza kutulutsa mpweya woipawu wochuluka kuposa rozi wolimidwa ndi dzuwa n'kukwera ndege. Choncho chimene chimapangitsa duwa lanu kukhala losawononga ndi chakuti lamasula m'nyengo yake, ndi kutentha kwa dzuwa lokha. Zotsatira zake muzivomereze kuyambira pachiyambi: padzakhala miyezi imene simudzakhala ndi duwa laliwisi, ndipo ogula anu muwauze zimenezi mosabisa. M'miyezi imeneyo mudzadalira masamba a zitsamba zosayoyoka, nthambi za mitengo, ndi maluwa oumitsa monga statice, strawflower, mitu ya njere ya nigella ndi ya honesty, zimene zimauma bwino mukazimanga timitolo n'kuzipachika chozondotsa pamalo amdima podutsa mphepo.

Chachiwiri ndi dothi lofeseramo. Matumba ambiri a dothi la panazale amakhala ndi peat, amene amakumbidwa m'madambo momwe zomera zakufa zakhala zikuunjikana kwa zaka zikwi zambiri osaola bwinobwino. Madambo amenewa amasunga kaboni wochuluka zedi, ndipo akaumitsidwa ndi kukumbidwa kaboniyo amathawira mumlengalenga, pamene peat amabwerera pang'onopang'ono kwambiri, pafupifupi milimita imodzi pachaka. Kompositi wanu wosefa bwino, wosakaniza ndi masamba oola ndi mchenga pang'ono, amakwanira kufeseramo njere zambiri. Pa chakudya cha mbewu, musachulutse manyowa kapena feteleza wa nayitirojeni wambiri, chifukwa maluwa amangochita masamba obiriwira ndi mapesi ofewa amene nsabwe zimawakonda ndipo mphepo imawagwetsa. Cosmos makamaka imamasula bwino m'dothi losanona kwambiri.

Chachitatu ndi chinkhupule chobiriwira chija chimene okonza maluwa amabayamo mapesi. Chinayamba kupangidwa m'chaka cha 1954, ndipo ndi pulasitiki amene saola koma amangonyenyeka kukhala tizidutswa ting'onoting'ono timene timapita ndi madzi mpaka m'mitsinje. Bungwe la Royal Horticultural Society, loona za ulimi wa maluwa ndi mbewu za m'dimba ku Britain, linachiletsa pa ziwonetsero zake kuyambira m'chaka cha 2021. M'malo mwake mungathe kupinda waya wa khola la nkhuku n'kumulowetsa m'chiwiya choikamo maluwa, kapena kugwiritsa ntchito kachitsulo kolemera ka misomali yoloza kumwamba kamene a ku Japan amakatcha kenzan, ndipo zonsezi zimagwira ntchito zaka zambiri.

Pamene ndikusiyana pang'ono ndi a Mbewe ndi pa ukonde ndi nsalu yofundikira, pakuti zambiri zimene zimagulitsidwa ndi zapulasitiki, ndipo ukonde ukakolana ndi mapesi ouma anthu amangoutaya. Ine ndimakonda kuluka chingwe cha jute, chopangidwa ndi luzi la chomera limene limaola, pakati pa zikhomo, chifukwa nyengo ikatha ndimadula zonse pamodzi n'kuponya pa mulu wa kompositi. Nsalu yofundikira sindikuikana, popeza imapulumutsa mbewu zambiri, koma mugule yochindikala ndipo muziisunga pouma kuti ikutumikireni zaka zingapo.

Ndiwonjezerenso kuti munda wodalira maluwa ofesa chaka ndi chaka okha ndi wotopetsa ndipo umasokoneza nthaka kawirikawiri. Gawo lina mulipatse maluwa okhalitsa monga peony, astrantia, achillea, phlox ndi hydrangea. Peony imafuna nyengo yozizira kuti imasule, imatenga zaka zingapo isanayambe kupatsa maluwa ambiri, koma ikakhazikika imakhala zaka makumi angapo pamalo amodzi, ndipo chisanu chobwera mwadzidzidzi sichiipha monga chimachitira ndi mbande. Mzere umodzi kapena iwiri muziusiya osadula kuti njuchi ndi tizilombo todya nsabwe tipeze chakudya, ndiponso kuti mudzakololepo njere za chaka chamawa.

Mwale:

Ine ndiyankhe funso lomaliza lija, la kufota msanga. Maluwa a m'sitolo amakhalitsa chifukwa mitundu yake inasankhidwa kuti izipirira ulendo, amadulidwa pa msinkhu woyenera, amaikidwa m'chipinda chozizira atangodulidwa, ndipo amamwetsedwa madzi okhala ndi shuga ndi mankhwala opha mabakiteriya. Zambiri mwa izi mungazichite pakhomo popanda makina.

Dulani m'mamawa kapena madzulo, pamene mapesi ali odzaza madzi, ndipo mupite kumunda ndi ndowa ya madzi kuti phesi lililonse lilowe m'madzi nthawi yomweyo. Ndowayo ikhale yotsukidwa bwino ngati mmene mumatsukira kapu yomwera, chifukwa chimene chimapha duwa lodulidwa kawirikawiri ndi mabakiteriya amene amaswana m'madzi n'kutseka timitsempha ta m'phesi, ndiye duwa limafa ndi ludzu lili m'madzi. Pachifukwa chomwechi, chotsani masamba onse amene angamire. Mukatero, ikani ndowa pamalo ozizira ndi amdima kwa maola angapo kapena usiku wonse musanayambe kuwakonza. Mukawaika m'chiwiya, muzisintha madzi pakapita masiku awiri ndi kudulako pang'ono kumapeto kwa mapesi. Asakhale padzuwa kapena pafupi ndi zipatso zimene zikupsa, chifukwa zipatsozo zimatulutsa mpweya wa ethylene umene umakalambitsa maluwa, ndipo sweet pea, snapdragon ndi larkspur zimayoyoka msanga zikaumva.

Msinkhu wodulira umasiyana ndi mtundu, ndipo apa m'pofunika diso. Snapdragon, larkspur ndi foxglove muzidule pamene gawo limodzi mwa magawo atatu a timaluwa ta m'munsi latseguka. Cosmos ndi tulip zidulidwe zitangoonetsa mtundu koma zisanatseguke. Peony muifinye pang'ono ndi zala ikadali yotseka: ikakhala yolimba gwa, idikireni, koma ikayamba kufewa, yakwana. Dahlia ndi yosiyana, chifukwa ikadulidwa isanatseguke siipitiriza kutseguka, choncho idikireni ifike pafupi kutseguka kwathunthu, ndipo muyang'ane kumbuyo kwake kuti muone ngati timasamba ta duwalo sitinayambe kufota. Zinnia muigwire phesi chapakati n'kuigwedeza: mutu ukamawerama uku ndi uku ndiye kuti sinakhwime. Daffodil imatulutsa utomoni woterera umene umafotetsa maluwa ena, makamaka tulip, kotero muiike m'madzi ake payokha kwa maola angapo musanaisakanize ndi ena, ndipo musaidulenso phesi.

Koma tinene zoona, sweet pea ndi dahlia sizidzakhala masiku ofanana ndi a chrysanthemum ya m'sitolo ngakhale mutachita zonsezi. Zimakhala masiku ochepa, ndipo n'chifukwa chake sizipezeka kawirikawiri pakati pa maluwa oyenda maulendo ataliatali. Kwa ine pamenepa m'pamene pali mwayi wa mlimi wapafupi, popeza angathe kupereka duwa lonunkhira limene ladulidwa dzulo madzulo, chinthu chimene wamalonda wakutali sangachikwanitse.

Nachisale:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso makamaka pa nkhani yofesa kawiri ndi ya maluwa omasula chaka chachiwiri. Mundilole ndifunsenso zinthu ziwiri. Kumalo a chinyezi ngati kuno nkhono, makamaka zija zopanda chigoba, zimamaliza mphukira za dahlia zisanatalike n'komwe, ndipo mvula ikagwa masiku otsatizana maluwa ena amachita chuku chotuwa n'kuola asanatseguke. Kodi izi ndingazichepetse bwanji popanda mankhwala oopsa? Ndiponso, kodi mizu ya dahlia ndiziifukula nyengo yozizira ikafika, kapena ndiziisiya m'nthaka?

Mbewe:

A Nachisale, nkhono simungazithe, koma mungathe kudutsitsa mbewu zanu msinkhu umene nkhono zimaziwononga. Dahlia muziyambitse m'miphika pamalo okwera ndi otetezeka, ndipo muziwokere zitakula kale ndi masamba okhwima, chifukwa mbewu yotero ikadyedwa masamba awiri kapena atatu imapitirira kukula, pamene kamphukira kongotuluka m'dothi kakadyedwa usiku umodzi kamatheratu. Muzithirira m'mawa osati madzulo, kuti usiku pamwamba pa dothi pazikhala pouma. Ikani matabwa akale pakati pa mabedi, ndipo m'mawa mukawatembenuza mudzazipeza zitaunjikana pansi pake. Kuyendera munda ndi tochi kukangoda, makamaka mvula itagwa, kumachotsa zambiri m'masabata oyambirira amene ali ofunika kwambiri. Kadziwe kakang'ono pakona pa munda kamaitana achule, ndipo mpanda wa zitsamba uja umasunga mbalame ndi tizilombo tina timene timadya nkhono ndi mazira ake. Zikafika povuta, mankhwala a timibulu opangidwa ndi ferric phosphate ndi amene amaloledwa pa ulimi wosagwiritsa ntchito mankhwala oopsa, ndipo amafunika kuwaza motalikirana, osati kuunjika. A metaldehyde muwapewe, popeza amapha agalu, mbalame ndi nyama zina, ndipo ku Britain analetsedwa kugwiritsidwa ntchito panja m'chaka cha 2022.

Chuku chotuwacho ndi matenda a botrytis, amene amakonda malo ozizira, onyowa ndi opanda mphepo yodutsa. Mankhwala ake enieni ndi mpata. Musathithikize mbewu, chotsani masamba a m'munsi kuti mpweya uzidutsa, thirirani pansi osati pamasamba, ndipo duwa lililonse limene layamba kuola mulichotse msanga n'kulitaya kutali ndi bedi. Maluwa a timasamba tambiri tothithikana, monga rozi wina, peony ndi dahlia zikuluzikulu, ndi amene amasunga madzi mkati n'kuola, choncho mukaona kuti kukubwera mvula ya masiku angapo, dulani onse amene akwana msinkhu mvulayo isanayambe. Ngati mungakwanitse kadenga koonekera kopanda zotenthetsera, kotsegula m'mbali, kaikeni pa ranunculus, anemone ndi maluwa ena osachedwa kuwonongeka ndi mvula. Pa mfundo ya a Nankhoma ya chingwe cha jute ndikuvomereza, ndipo ndingowonjeza kuti chimatamuka pakapita nthawi, choncho muzichikoka kawirikawiri.

Za mizu ya dahlia, yankho lili m'dothi lanu. Ngati madzi amalowa pansi msanga ndipo nthaka siiuma gwa ndi chisanu mpaka kuya, mukhoza kudula mapesi, kuphimba pamalopo ndi masamba ouma kapena kompositi wochindikala, n'kuisiya. Ngati ndi makande osunga madzi, ifukuleni, chifukwa idzaola. Dikirani chisanu choyamba chidetse masamba, dulani mapesi kusiya masentimita 10 mpaka 15, fukulani mosamala kuti musathyole makosi a mizuyo, ndipo muiike chozondotsa kwa masiku angapo kuti madzi a m'mapesi, amene ali ndi mphako, atuluke. Kenako isungeni m'bokosi la utuchi kapena mchenga wouma pang'ono, pamalo ozizira koma osafika chisanu, a madigiri pakati pa 4 ndi 10, ndipo muziiyang'ana mwezi uliwonse kuti muchotse yoola. Poigawa, chidutswa chilichonse chikhale ndi diso, limene limapezeka pamwamba pamene muzu walumikizana ndi phesi lakale, chifukwa muzu wopanda diso sumera ngakhale utanenepa chotani. Popeza nyengo yanu ndi yosadalirika, chaka choyamba fukulani theka ndi kusiya theka m'nthaka, ndipo mulembe dzina la mtundu uliwonse pa kachikwangwani musanadule mapesi.